ZOKOPA ALENDO-KUMWERA KWA AFRICA: Chipinda cha M'sitima Chilipo, Koma Osankha ndi Eni Sitima

KADOMA, Zimbabwe — Chaka chilichonse dzinja likamayandikira, makampani ogulitsa matikiti a maulendo amayamba kulengeza za sitima zapamadzi zonyamula anthu okasangalala, zomwe zimanyamuka padoko la Durban ku South Africa kupita kuzilumba ndi magombe a ku Mozambique. Zolengezazi zimafika pafoni za anthu kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo sizidziwa malire a mayiko: wokhala ku Waverley mumzinda wa Kadoma amaona mtengo womwewo umene akuuona mnzake wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete.

Mtengo umene umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kawirikawiri umakhala wotsikitsitsa, ndipo pambali pake pamakhala liwu la Chingerezi lakuti guarantee, kapena zilembo zitatu zakuti GTY. Munthu wosazolowera malondawa akaona liwuli mtima umakhala pansi, poganiza kuti zonse zatsimikizika. Komatu pamalonda a sitimazi liwuli limatanthauza chinthu chimodzi chokha. Wokwera walonjezedwa chipinda cha mtundu umene walipirira kapena choposerapo, koma chipinda chenichenicho, nambala yake ndi mbali ya sitima kumene chili, adzasankha ndi eni sitima panthawi imene iwo afuna.

Kwa munthu wokhala mumzinda wa Durban, kusiyana kumeneku n'kwakung'ono. Kwa banja lochokera m'mayiko opanda nyanja yamchere, lomwe liyenera kuyenda makilomita oposa 1,500 lisanaione n'komwe sitimayo, ndi nkhani yofunika kuimvetsa ndalama zisanatuluke m'thumba.

Malonda amene akukula

Bungwe la makampani a sitimazi padziko lonse la Cruise Lines International Association lidalengeza kuti anthu 31.7 miliyoni adakwera sitima zokasangalala m'chaka cha 2023, ndipo chiwerengerochi chidafika pa 34.6 miliyoni mu 2024. Izi zikusonyeza kuti malondawa adadzukanso ndi mphamvu pambuyo poti mliri wa Covid-19 udaimitsa sitima zonse m'mwezi wa Malichi 2020.

Kumwera kwa Africa kuno, kampani yomwe imadziwika kwambiri pamaulendowa ndi ya MSC Cruises, yomwe likulu lake lili ku Geneva m'dziko la Switzerland. Sitima zake zimabwera cha mu Novembala n'kumayenda mpaka cha mu Epulo. Maulendo ambiri amakhala a masiku atatu kapena anayi, kuchokera ku Durban kupita ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Ena amanyamuka ku Cape Town kupita ku Walvis Bay m'dziko la Namibia. M'nyengo ya 2023/24 kudabwera sitima ya MSC Splendida, ndipo mu 2024/25 kudabwera MSC Musica, yomwe ili ndi zipinda zogona zoposa 1,200.

Mu Novembala 2023, mtsogoleri wa dziko la South Africa, Cyril Ramaphosa, adatsegulira mwamwambo nyumba yokwerera sitimazi padoko la Durban, yotchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal, yomwe idamangidwa ndi ndalama pafupifupi R330 miliyoni. Kampani ya MSC ndiyo ili ndi gawo lalikulu m'mgwirizano womwe udamanga nyumbayi, zomwe zikusonyeza kuti kampaniyi ikuona tsogolo la malonda ake m'chigawo chino.

Chimene wokwera amagula

Zipinda za m'sitima zikuluzikuluzi zimagawidwa m'mitundu inayi. Pali zam'kati, zomwe zilibe zenera. Pali zazenera loyang'ana kunyanja koma losatseguka. Pali zakhonde, zomwe munthu amatha kutuluka n'kukhala panja kupitidwa mphepo. Ndiye pali zazikulu zapamwamba, zokhala ndi pabalaza pakepake. Mtundu uliwonse umagawidwanso m'timagulu malinga ndi nsanjika imene chipinda chili komanso kutalika kwake kuchokera pakati pa sitima.

Wogula tikiti ali ndi njira ziwiri. Atha kuona chithunzi cha sitima, n'kuloza chipinda chimene akufuna, n'kulipira mtengo wokwererapo. Apo ayi, atha kulipira mtengo wotsika, n'kuvomera kuti kampani idzamuike paliponse m'mtundu umene wasankha. Kukampani ya MSC, njira yachiwiriyi m'zaka zaposachedwapa yakhala ikugulitsidwa pansi pa dzina lakuti Bella, pomwe wofuna kudzisankhira chipinda amalipira mtengo wa Fantastica kapena Aurea. Makampani ena ali ndi mayina awo, koma mfundo yake ndi imodzimodzi.

Nambala ya chipinda imatha kudziwika patangopita masiku ochepa chigulireni tikiti, koma imathanso kuchedwa mpaka sabata yomaliza, mwinanso tsiku lokwera lomwelo. Ikadziwika, wokwera alibe ufulu woikana chifukwa chongoti sadakondwere nayo.

Apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka. Zipinda za mtundu umodzi sizifanana. China chili pansi pa malo ovinira, kumene nyimbo zimalira mpaka mbandakucha. China chili pansi pa dziwe losambira, kumene antchito amakoka mipando dzuwa lisanatuluke. China chili ndi zenera ndithu, koma kutsogolo kwake kwapachikidwa boti lopulumutsira anthu pangozi, moti wokwera amaona boti m'malo moona nyanja. China chili kutsogolo kwenikweni kwa sitima, pansanjika yapamwamba, kumene kugwedezeka kumamveka kwambiri. Amene amavutika ndi chizungulire ndi nseru amapeza bwino akakhala pakati pa sitima komanso mmunsi. Zipinda zimene odzisankhira azisiya n'zimene kawirikawiri zimatsalira ogula mtengo wotsika.

Ndiponso banja likagula zipinda ziwiri mwa njirayi, palibe lonjezo lakuti zidzayandikana. Makolo atha kupezeka pansanjika yachisanu ndi chitatu, agogo ndi adzukulu pansanjika ina, kumapeto ena a sitima yomwe kutalika kwake kumayandikira mamita 300.

Chifukwa chimene makampani amaikondera njirayi

Chipinda cha m'sitima chili ngati nsomba yaiwisi pamsika: chikapanda kugulidwa panthawi yake, phindu lake latha. Sitima ikangochoka padoko, chipinda chopanda munthu sichingagulitsidwenso paulendo umenewo, pomwe mafuta, malipiro a antchito ndi msonkho wapadoko sizichepa. Kuonjezera apo, gawo lalikulu la phindu limachokera ku zimene okwera amagula ali m'sitima, monga zakumwa, intaneti, zithunzi, juga ndi maulendo apamtunda. Bedi lopanda munthu ndi kutaya kawiri.

Luso losinthasintha mitengo pofuna kudzaza malo onse lidakula m'makampani a ndege ku America boma litamasula malonda a ndege mu 1978, ndipo kenaka lidafalikira kumahotela ndi kusitima. Makampani akuluakulu a sitima amatha kulengeza kuti sitima zawo zidadzaza kupitirira 100 peresenti. Izi zimatheka chifukwa amawerengera anthu awiri pachipinda, choncho mwana wogona pabedi lachitatu amakweza chiwerengero.

Tikiti yopanda nambala ya chipinda imapatsa kampani mpata wosuntha anthu ngati mbewu zapabawo. Tiyerekeze kuti kwatsala milungu itatu, zipinda zam'kati zatha, koma zakhonde zatsala makumi anayi. Kampani ikatsitsa mtengo wa zakhonde poyera, amene adagula kale pamtengo wokwera adandaula, ndipo chaka chamawa aliyense adzadikira mpaka kumapeto. M'malo mwake kampani imapitiriza kugulitsa matikiti a zipinda zam'kati, ngakhale kupyola chiwerengero cha zipindazo, n'kukweza ena mwa ogula kupita kuzipinda zazenera, ndipo ena a zazenera kupita kuzakhonde. Sitima imadzaza, mtengo wolengezedwa osatsika.

Kukwezedwa kwaulere kumene ogulitsa matikiti amakutchula pokopa anthu kumachokera pamenepa. Kumachitikadi, koma kumachitika pamene kukuthandiza kampani kudzaza sitima. Nthawi ya Khirisimasi ndi tchuthi cha sukulu, pomwe mabanja ambiri a m'chigawo chino amapeza mpata woyenda, mitundu yonse ya zipinda imagulidwa, ndipo mwayi wokwezedwa umachepa kwambiri. Komanso chimene kampani imachiona ngati kukweza sichikhala chokomera wokwera nthawi zonse: chipinda cha gulu lapamwamba pang'ono chitha kukhala chaphokoso kuposa chimene munthu akadapatsidwa poyamba.

Okushoni ya zipinda

M'zaka khumi zapitazi, makampani adapeza njira yogulitsira ngakhale kukwezedwa komweko. Kukatsala milungu ingapo, wokwera amalandira uthenga womuitana kuti atchule ndalama zimene angaonjezere kuti asamukire m'chipinda chapamwamba. Kampani ya Royal Caribbean imatcha ndondomekoyi RoyalUp, ya Celebrity imati MoveUp, ya Norwegian imati Upgrade Advantage, ndipo MSC nayo ili ndi yake. Zambiri mwa ndondomekozi zimayendera makina a kampani ya Plusgrade ya ku Montreal m'dziko la Canada, yomwe imachitanso zomwezi m'makampani a ndege.

Mlimi amene adafikapo kumsika wa fodya ku Kanengo kapena ku Limbe amadziwa okushoni. Koma iyi ndi yosiyana, chifukwa wopikisana saona mtengo umene anzake atchula, ndipo sadziwa kuti zipinda zatsala zingati, kapena ngati zilipo n'komwe. Makampani amaitanira anthu kuokushoniyi ngakhale sitima itadzaza, poyembekezera kuti ena asintha maganizo osabwera.

Pali zinthu zitatu zimene wopikisana ayenera kudziwa. Choyamba, mtengo umene watchula umawerengedwa pamunthu mmodzi, ndipo kawirikawiri umalipiridwa kwa anthu awiri oyamba m'chipinda, choncho wotchula R1,000 amalipira R2,000. Chachiwiri, kampani ikangovomera, ndalama zimachotsedwa pakhadi la kubanki nthawi yomweyo ndipo sizibwezedwa. Chachitatu, wopambana sasankhanso chipinda chatsopanocho. Ngakhale amene adalipira zambiri kuti adzisankhire chipinda chabata pakati pa sitima amataya mwayi umenewo akapambana.

Zotsatira zake n'zakuti zipinda zabwino zimene kale zinkagwera ogula mtengo wotsika mwamwayi, tsopano zimayamba zagulitsidwa kwa otchula ndalama. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Wogula ayenera kudzifunsa ngati angakhutire ndi chipinda chotsikitsitsa cha mtundu umene walipirira, chifukwa chimenecho ndicho chili pamphuno.

Lonjezo likapanda kukwaniritsidwa

Kodi zingatheke kuti munthu wolipira zonse afike padoko n'kupeza kuti chipinda palibe? Sizichitika kawirikawiri, koma zidachitikapo. Mu Novembala 2023, padoko la Brisbane ku Australia, ena mwa anthu amene adagula matikiti opanda nambala ya chipinda pasitima ya Quantum of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean adauzidwa ali padoko pomwepo kuti malo atha. Sitima idanyamuka iwo akuona. Kampaniyo idapepesa, n'kuwalonjeza kuwabwezera ndalama komanso kuwapatsa mwayi wa ulendo wina. Nkhaniyi idaonetsa poyera kuti sitima nazo zimatha kugulitsa malo oposa amene zili nawo, ndipo amene amayamba kutsala ndi amene alibe nambala.

Nthawi zambiri makampani amathana ndi vutoli lisanafike padoko, polembera okwera ena kuwapempha kuti asamukire paulendo wina n'kulandira chipukutamisozi. Kwa wopuma pantchito wokhala pafupi ndi doko, limeneli ndi dalitso. Kwa mphunzitsi amene wapempha tchuthi cha sabata imodzi ndipo wagula kale matikiti a basi, silithandiza kanthu.

Pankhani ya ndege, mayiko a mu European Union ali ndi lamulo la 2004 lomwe limakakamiza kampani kulipira pakati pa mayuro 250 ndi 600 kwa munthu wokanizidwa kukwera chifukwa malo adagulitsidwa mopyola. Pamaulendo onyamuka ku Durban, chitetezo chachikulu chili m'lamulo loteteza ogula la South Africa, Consumer Protection Act la 2008, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 47 la lamuloli limaletsa wamalonda kulandira ndalama pa chinthu chimene alibe maziko okwanira oti adzachipereka. Limanenanso kuti wolephera kupereka malo amene adasungitsidwa abweze ndalama pamodzi ndi chiwongoladzanja, komanso alipire zimene wogula wataya mwachindunji chifukwa cha kulepherako, pokhapokha ngati adapereka china chofanana nacho kapena vutolo lidali loposa mphamvu zake.

Vuto lili pa kukadandaula. Dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo lake loteteza ogula la 2019, Zambia ili ndi la 2010, ndipo Malawi ili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Koma mphamvu za mabungwewa zimathera m'malire a mayiko awo. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pamalonda ndi ufulu wa ogula, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, limamva madandaulo odutsa malire, koma South Africa ndi Mozambique, kumene sitimazi zimanyamuka ndi kukocheza, si mamembala a COMESA. Wogula wa ku Kadoma amene walipira kwa ejenti wa ku Harare, paulendo wa kampani ya ku Geneva wonyamuka ku Durban, atha kusowa khomo loyamba kugogoda.

Kuchokera pa Ulere

Mzinda wa Kadoma, womwe unkatchedwa Gatooma mpaka 1982, ndi wa Chegutu, womwe unkatchedwa Hartley, idakula chifukwa cha golide ndi thonje. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, mafamu ozungulira komanso mafakitale a nsalu a David Whitehead adakoka anthu zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Adzukulu awo akadali m'madera monga Waverley ndi Rimuka, ndipo Chichewa ndi gule wamkulu sizidazimirike m'midzi ya m'migodi.

Makolo amenewa adalidziwa bwino liwu lakuti ulere. M'zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia lidayambitsa malole onyamula ofuna ntchito kuchokera kumalire akumpoto popanda kulipira, ndipo anthu adawatcha malolewo Ulere. Ulendo udali waulere ndithu, koma cholinga chake chidali chakuti antchito afike kumigodi ndi kumafamu a dzikolo m'malo mopitirira ku South Africa kumene malipiro adali okwera. Palibe amene angafanizire mavuto a nthawi imeneyo ndi tchuthi chapanyanja. Komabe anthu a mbiri yotere safunika kuuzidwa kawiri kuti wopereka chaulere amakhala atawerengera kale phindu lake.

Mbiri yomweyi imakhudzanso ziphaso zoyendera. Sitima yopita ku Mozambique imafuna pasipoti, ndipo wofika padoko opanda mapepala oyenera sakwera komanso kawirikawiri sabwezeredwa ndalama. Kusintha kwa lamulo la unzika ku Zimbabwe mu 2001 kudasiya anthu ambiri obadwa kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique opanda unzika wodziwika. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013, m'gawo 43, adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 lidapeza kuti ambiri adali akuvutikabe kupeza ziphaso zakubadwa ndi zitupa. Mu 2024 pasipoti wamba ya Zimbabwe idakwera kufika pa madola 150 a ku America, osawerengera ndalama yofunsira.

Mukaphatikiza pasipoti, basi yodutsa pa Beitbridge ndi Johannesburg, malo ogona ku Durban usiku woti mawa mukwera, inshuwalansi, msonkho wapadoko ndi ndalama yothokoza antchito imene makampani amaonjezera pamtengo, mupeza kuti tikiti ya sitima ndi gawo chabe la ndalama zonse. Kwa a ku Malawi, amene ndalama yawo ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imapezeka movutikira. Choncho ndalama imene banja lapulumutsa posasankha chipinda ndi yaying'ono poyerekeza ndi zonse zimene laika pachiswe. Kampani ikabweza mtengo wa tikiti, ndalama za basi, tchuthi cha kuntchito ndi zimene banja lidasunga chaka chonse sizibwerera zokha.

Phunziro la panyanja ya Malawi

Olankhula Chichewa ali ndi sitima yawo yodziwika, ndipo kuiyerekeza ndi za ku Durban kumathandiza kuona nkhaniyi bwino. Sitima ya Ilala idapangidwa ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow ku Scotland mu 1949. Idabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndipo idayamba kuyenda mu 1951, patapita zaka zisanu sitima ya Vipya itamira mu Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Kwa zaka zoposa 70, Ilala yakhala ikulumikiza Monkey Bay, Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay ndi Chilumba, ndipo m'zaka zina inkaimanso ku Metangula m'chigawo cha Niassa.

Pa Ilala makalasi amaoneka ndi maso. Pamwamba pali zipinda zogona zowerengeka ndi zala, kuphatikizapo chachikulu chotchedwa Owner's Cabin. Pali malo apamtetete a kalasi yoyamba kumene anthu amayala matiresi, ndipo mmunsi muli makalasi otsika mtengo momwe anthu ambiri amakwera pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, simenti ndi usipa. Zipinda zikakhala zochepa chonchi, palibe mpata wosuntha anthu ndi kompyuta. Wofuna chipinda amasungitsa nthawi ikadalipo, ndipo wofuna kusamukira kalasi yapamwamba amalipira ndalama yotsalayo ngati malo alipo.

Chimene sichitsimikizika pa Ilala ndi nthawi. Mphepo ya mwera, kutsitsa katundu ndi maboti m'malo opanda doko, komanso kukalamba kwa sitimayo zakhala zikuichedwetsa ndi maola ambiri, ndipo pakati pa 2012 ndi 2013 idaima miyezi yambiri poikidwa injini zatsopano. Kwa mlendo wokasangalala, kuchedwako ndi nkhani yokafotokoza kwawo. Kwa wodwala wa ku Likoma kapena wamalonda wa ku Chizumulu, ndi nkhani ya moyo wa tsiku ndi tsiku.

Sitima za ku Durban zimasunga nthawi yonyamukira koma zimabisa chipinda, ndipo nazonso sizilonjeza zonse. Ku Portuguese Island ndi ku Pomene anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, choncho nyanja ikachita mafunde, makamaka m'nyengo ya anamondwe, woyendetsa sitima ali ndi ufulu wolambalala malowo. Mwachidule, tikiti iliyonse yapamadzi imalonjeza zina n'kusiya zina, ndipo nzeru ya wokwera ili pa kudziwa zimene zasiyidwazo. Pamene dziko la Malawi likukambirana zokhala ndi sitima zatsopano ndi kukopa alendo panyanja yake, njira zogulitsira malo zofanana ndi za ku Durban zitha kudzafikanso kumeneko, ndipo ndi bwino malamulo ake akonzedweretu.

Ayenera ndani, sayenera ndani

Sikuti tikiti yopanda nambala ya chipinda ndi chinyengo. Kwa anthu awiri athanzi, ogona tulo tofa nato, amene chipinda amachifuna pogona ndi posamba basi, njirayi imapulumutsa ndalama zenizeni, ndipo yathandiza ambiri kukwera sitima amene sakadakwanitsa. Pafupifupi onse ogula mwa njirayi amapeza chipinda chawo popanda vuto.

Koma pali ena amene njirayi siwayenera. Banja lokhala ndi ana ofunika kugona pafupi ndi makolo, wokalamba amene sangayende mtunda wautali m'makonde a sitima, woyenda panjinga ya olumala amene akufunika chipinda chokonzedwa mwapadera, ndi amene amadwala sitima ikagwedezeka, onsewa amafunika nambala ya chipinda yolembedwa pachikalata asanalipire. Magulu a mpingo, a banki m'khonde kapena a pantchito amene amayenda pamodzi ayeneranso kufunsa ejenti ngati mtengo umene wawapatsa ukuphatikiza ufulu wosankha zipinda.

Wogula mwa njirayi atha kudziteteza pochita zinthu zingapo. Afunse kuti chipinda chotsikitsitsa chimene angapatsidwe n'chotani, ndiponso ngati zenera lake lingakhale lotchingidwa. Alembetse mayina paintaneti msanga kampani ikangotsegula kalembera wa okwera. Ayang'ane ngati nambala yatuluka asanakwere basi, ndipo ngati siidatuluke, apemphe ejenti kuti alembe kalata yotsimikiza kuti malo alipo. Asunge malisiti onse a ulendo, chifukwa gawo 47 lija limathandiza amene ali ndi umboni. Safunsa adadya phula.

Udindo waukulu komabe uli m'manja mwa ogulitsa ndi oyang'anira malonda. Ma ejenti a ku Harare, Bulawayo, Lusaka, Blantyre ndi Lilongwe ayenera kufotokoza tanthauzo la liwu lakuti guarantee m'chilankhulo chimene wogula akumva, m'malo molisiya kuti likope anthu ndi tanthauzo limene lilibe. Mabungwe oteteza ogula m'mayiko a SADC atha kugwirizana pa mfundo zosavuta: kuti mtengo wolengezedwa unene poyera ngati chipinda adzasankha ndi kampani, kuti nambala ya chipinda idziwike masiku angapo sitima isananyamuke, ndiponso kuti wotsala padoko chifukwa cha kugulitsa mopyola abwezeredwe ndalama za ulendo wonse kuchokera kwawo, ngakhale kwawoko kuli kutsidya kwa Limpopo kapena Zambezi.

Makampani a sitima akuyang'ana m'mayiko a m'kati mwa chigawo chino kuti apeze okwera atsopano. Ngati akufuna kuti banja la ku Kadoma, Chegutu, Chipata kapena Mzuzu lidzabwerenso ulendo wachiwiri, ayenera kuliuza zoona paulendo woyamba: kuti mtengo wotsika ukugula bedi m'sitima, ndipo pomwe bedilo lidzakhale adzanena ndi kampani.